Linayamba ndi liti? Kuwerenga ming'alu pa makobidi akale a mkuwa

Makobidi onse enieni a senti imodzi a ku America olembedwa chaka cha 1804 anachokera m'zidindo ziwiri zokha, chimodzi cha kumaso, china cha kumbuyo. Komabe mukawayala pamodzi mupeza kuti ali m'magulu atatu. Ena ali bwinobwino m'mphepete monse. Ena ali ndi chotupa cha mkuwa pamwamba pa zilembo RTY za mawu akuti LIBERTY, koma kumbuyo kulibe vuto. Ena ali ndi chotupa chomwecho kumaso, kenako chinanso kumbuyo, pamwamba pa MERIC m'mawu akuti AMERICA. Osonkhanitsa makobidi amawatcha S-266a, S-266b ndi S-266c, potsata manambala amene William Sheldon anapereka kwa mitundu ya masenti a 1793 mpaka 1814.

Aliyense angathe kuona kuti osalalawo ndi amene anayamba. Koma umboni weniweni wa ndondomekoyi uli pa khobidi limene kulibe. Palibe senti ya 1804 yodziwika imene ili ndi chotupa cha kumbuyo chokha, kumaso kuli kosalala. Ikanakhalapo, nkhani yonse ikanasokonekera. Popeza siyipezeka, tikudziwa kuti chidindo cha kumaso ndi chimene chinayamba kubenthuka, antchito anapitiriza kudinda, ndipo pambuyo pake cha kumbuyo chinabenthukanso, iwo osaleka.

Funso limeneli, lakuti pa makobidi awiri otuluka m'chidindo chimodzi linayamba ndi liti, landikhala pamtima kwa zaka. Ambiri mwa makobidi amenewa sindinawagwirepo m'manja. Ndimawaona pa zithunzi za misika yogulitsa makobidi zimene zili pa intaneti, ndipo ndimazisunga, kuziika pafupi, kuzisuntha, kuzibwezeranso. Ife amene tinakula tikugwira 1 tambala ndi 2 tambala tinazolowera kuti ndalama za chaka chimodzi zimafanana zonse, chifukwa zidindo za masiku ano zimakoperedwa zathunthu kuchokera ku chimodzi. Ku Philadelphia, mzinda wa ku America kumene masentiwa ankadindidwa, m'zaka za m'ma 1790 sizinali choncho.

Nyumba yosulira ndalama ya kumeneko inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1792, ndipo masenti oyamba anatuluka mu Marichi 1793. Chidindo chinali chitsulo chachifupi chozungulira. Chidakali chofewa, mmisiri ankagobapo chithunzi. Patapita nthawi mutu wa Liberty, mkazi wojambulidwa kumaso kwa khobidi, anayamba kuukhomera ndi chitsulo china chokonzeratu, koma zilembo, manambala a chaka, timasamba ndi tizipatso ta nkhata ya kumbuyo ankakhoma ndi manja, chimodzichimodzi. N'chifukwa chake zidindo ziwiri sizinkafanana: apa 4 wakwera pang'ono, apo tsamba layang'ana pansi pa chilembo china. Zimenezi ndi zimene zimatithandiza kudziwa mtundu wa khobidi. Akamaliza kugoba ankachiwotcha mpaka kufiira n'kuchiviika m'madzi kuti chiume. Zina zinkasweka pomwepo. Zina zinkauma kunja kokha, m'kati muli mofewa, ndipo zikayamba ntchito pakati pake pankamira. Zopulumuka ankaziika m'makina a sikuluwu yaikulu imene amuna ankaizunguza ndi mtanda wolemera, ndipo zinkamenya mkuwa maulendo zikwizikwi kufikira zitatha. Makina oyendera nthunzi anadzafika mu 1836.

Chitsulo chabwino chinali chosowa, ndipo chidindo chimodzi chinkadya masiku a mmisiri. Choncho chikang'ambika sankachitaya msanga. Umphawi umenewu ndi umene unatisiyira zowerenga.

Chofunika kuchimvetsa poyamba n'chakuti zonse za pa chidindo zimatuluka motembenuka pa khobidi. Chokumbika pa chitsulo chimatuluka chotukuka pa mkuwa. Mng'alu wa pa chidindo ndi mpata, mkuwa umalowamo, ndipo pa khobidi umaoneka ngati kamzere kotukuka. Apa ndi pamene umasiyana ndi kukandika kumene khobidi linapeza m'thumba la munthu, chifukwa kukandika kumalowa m'kati. Dzimbiri likadya chidindo limasiya timaenje, ndipo pa khobidi timatuluka ngati tizidutswa totumphuka. Pakati pa chidindo pakamira, khobidi limafufuma pamalo pomwepo.

Chotupa cha m'mphepete, chimene osonkhanitsa makobidi amachitcha cud m'Chingerezi, chili ndi moyo wakewake, ndipo ndimakonda kuutsata. Chimayamba ngati kamzere kopyapyala kodutsa pamwamba pa zilembo. Kamzereko kamanenepa. Kenako mbali zake zonse ziwiri zimafika kumphepete, ndipo kachidutswa ka chitsulo kamakhala katadukiratu koma kadakali pamalo pake, katangotsika pang'ono. Pa khobidi la nthawi imeneyi mumaona malo okwera koma zilembo kapena timano ta m'mphepete tikuonekabe pamwamba pake. Tsiku lina kachidutswako kamagwa, ndipo chotsala ndi chotupa chopanda cholembedwa chilichonse. Mukafuna kutsimikiza kuti n'chenicheni, tembenuzani khobidilo. Kuseri kwa chotupa kumakhala kofooka, chifukwa mkuwa unathawira mu dzenje lija m'malo modzaza zilembo za mbali inayo.

Zonsezi zimayenda njira imodzi. Mng'alu sufupika. Chidutswa chogwa sichibwerera. Pa mfundo imeneyi ndi pamene ntchito yonse yakhazikika, ndipo zikanakhala kuti zidindo zinkangosweka basi, mwana wa sukulu akanatha kusanja makobidiwa madzulo amodzi.

Vuto limabwera ndi kuwombana kwa zidindo. Nthawi zina chidutswa cha mkuwa chinkalephera kulowa, sikuluwu n'kutsika, zidindo ziwirizo n'kumenyana zokhazokha. Chilichonse chinkasiya chithunzi chake pa chinzake. Pa masenti ambiri oyambirira a 1793, aja a unyolo wa mphete 15 kumbuyo, mumaona zizindikiro za mphetezo pafupi ndi khosi ndi nkhope ya Liberty, kumene kulibe unyolo. Munthu angaganize kuti lopanda zizindikirozi ndi loyamba, lokhala nazo ndi lotsatira, n'kuthera pomwepo. Koma antchito akaona kuti zanyanya ankachotsa chidindo m'makina n'kuchipala. Malo osalala a pa khobidi ndiwo malo okwera kwambiri a pa chidindo, ndipo ndi pomwe zizindikiro za kuwombana zimakhala. Akapala, zimachoka. Khobidi lotuluka pambuyo pake limaoneka loyera ngati la tsiku loyamba.

Zili ngati mmisiri wa matabwa akapala chitseko chakale: zokandika zimatha, chitseko chimawala, koma thabwalo lapyapyala ndipo silidzanenepanso. Pa chidindo kupyapyalako kumaoneka pa zinthu zimene zinagobedwa mosazama. Nsonga za tsitsi zimafupika. Tsinde la tsamba limaduka pakati, tsambalo n'kumaoneka ngati likuyandama lokha. Kachipatso kamachepa. Miyendo ya zilembo imawonda. Ndiye mukakhala ndi makobidi awiri osalala, onse opanda zizindikiro za kuwombana, musathamangire kunena kuti ndi a nthawi imodzi. Yang'anani tsitsi ndi timatsinde. Lokhala ndi zonse ndi la poyamba. Loperewera ndi lachitatu, ndipo pakati pawo pali lachiwiri, lija lowombana.

Pachifukwa chimenechi ine sindikhulupirira zizindikiro zonse mofanana. Ming'alu ndi zotupa ndimazipatsa mawu oyamba. Zimene kupala kunachotsa ndimazikhulupiriranso, chifukwa chitsulo chochoka chachoka, ngakhale ndimakhala tcheru kuti mmisiri nthawi zina ankagobanso kamzere kapena kukhomanso chilembo. Kuwombana ndi dzimbiri ndi mboni zosinthasintha: zimabwera, zimapalidwa, zimabweranso mwina pamalo osiyana pang'ono. Ndipo chomwe ndimachiika kumapeto kwenikweni ndi maonekedwe ongoti khobidi ili lafooka, zilembo zake sizikuthwa. Anthu ambiri amayambira pamenepo, ndipo mpamene amasokera.

Khobidi likhoza kufooka pa zifukwa zambiri zosakhudza ukalamba wa chidindo. Amuna a pa sikuluwu akhoza kukhala kuti sanakoke mwamphamvu. Zidindo zikhoza kukhala kuti sizinayang'anizane bwino, mbali ina n'kudindika kwambiri, ina pang'ono. Mafuta osakanikirana ndi fumbi akhoza kutseka chilembo, chilembocho n'kusowa pa makobidi mazana angapo, kenako wina n'kupukuta, chilembo n'kubwerera. Ndiye palinso zaka zimene khobidilo linayenda m'manja mwa anthu, ndi zaka zina zimene mwina linagona m'nthaka. Kamng'alu kopyapyala kamafufutika ndi kugwiridwagwiridwa. Choncho khobidi lakutha likaonetsa mng'alu, umboni wake ndi wolimba: mng'aluwo unalipo. Likapanda kuonetsa, silinanene kanthu. Mwina unalibe, mwina unafufutika. Ndaona zolemba za pamsika zikutchula khobidi lotheratu kuti ndi la chidindo chatsopano pongoti mng'alu sukuoneka, ndipo zimandipweteka, chifukwa zolakwika zoterezi zimakoperedwa kuchoka m'buku lina kupita lina.

Nkhaniyi imakoma kwambiri pamene chidindo chimodzi chagwira ntchito ndi anzake angapo. Cha kumbuyo chikatha, ankabweretsa china, cha kumaso chili chomwecho. Osonkhanitsa amautcha ukwati wa zidindo, ndipo ukwati uliwonse umapatsidwa nambala yake. Pa masenti a unyolo aja, chidindo chimodzi cha kumaso chinadinda ndi cha kumbuyo cholembedwa AMERI. mwachidule, chinadindanso ndi china cholembedwa AMERICA. Mmene chidindo cha kumasocho chikuonekera pa maukwati awiriwa ndi mmene timadziwira kuti AMERI. ndiye anayamba. Kenako cha AMERICA chinapitiriza ndi zidindo zina za kumaso. Mukagwira chingwe chimenechi, chidindo ichi chikukuperekani kwa icho, icho kwa chinacho, mumatha kuyenda m'kati mwa masenti 36,103 amene anadindidwa m'masabata ochepa amenewo, ngakhale mabuku a nyumbayo sanalembe kuti ndi chidindo chiti chinali m'makina tsiku liti.

Chitsanzo chimene ndimachikonda koposa chili pa hafu senti ya 1804. Chidindo china cha kumaso chinayamba ntchito chili bwinobwino. Kenako chinthu cholimba chinagwera pakati pa zidindo sikuluwu ikutsika. Ambiri amaganiza kuti kanali kasikuluwu kapena kabawuti, chifukwa patsogolo pa khosi la Liberty panatsala mizere yokhota yoyandikana yooneka ngati mano a sikuluwu. Pachibwano pake panatuluka kansonga, pamilomo kena. Kuyambira pamenepo khobidi lililonse la chidindochi linali ndi kansongako, ndipo ndi limene limatchedwa Spiked Chin, kutanthauza chibwano cha nsonga. Roger Cohen, amene anasanja mahafu senti mu 1971, anali atapereka nambala C-3 kwa makobidi ochepa opanda kansonga ndi C-5 kwa ena okhala nako. Pambuyo pake anthu anavomereza kuti ndi zidindo ziwiri zomwezo, C-3 ngozi isanachitike, C-5 itachitika. Mtundu umodzi unachoka pa mndandanda, koma tinapeza chinthu choposa nambala: tinadziwa ukwati umene ngoziyo inachitikira.

Chidindo chovulalacho chinapitiriza ndi zidindo zinayi za kumbuyo, pa maukwati a C-5, C-6, C-7 ndi C-8. Pa C-8, umene unali ukwati wake womaliza, mng'alu wa pamwamba pa LIBERTY umakula mpaka chidutswa kugwa pamwamba pa LIBE. Koma amene amakopa anthu ndi C-6. Chidindo chake cha kumbuyo chinkabenthuka pang'onopang'ono, chidutswa apa, chidutswa apo, m'mphepete mwa UNITED, pansi pa nkhata, mbali ya AMERICA, kufikira zotupazo zitalumikizana kuzungulira gawo lalikulu la khobidi. Magawo ake owerengedwa amaposa khumi, ndipo alipo anthu amene amasonkhanitsa mtundu umodzi wokhawu, gawo ndi gawo. Ndimawamvetsa. Mukayala zithunzi zake motsatana mumaona chitsulo chikufa, ndipo mumaonanso munthu wina amene m'mawa uliwonse ankachiyang'ana n'kunena kuti chipirirabe lero.

Mahafu senti omwewa ali ndi chidindo china cha kumbuyo chimene mmisiri anaiwala kugoba timatsinde tiwiri ta pansi pa nkhata. Chimenechi chinali cholimba modabwitsa. Chinadinda makobidi a 1804, a 1805 ndi a 1806. Chidindo chotere chimalumikiza zaka zitatu, ndipo chimatikumbutsa kuti chaka cholembedwa pa khobidi ndi chaka cha chidindo cha kumaso, osati tsiku limene mkuwa unamenyedwa. Zidindo zabwino sizinkatayidwa pa 31 Disembala. Zina ankazikhomanso nambala pamwamba pa yakale, monga 1807 pamwamba pa 1806. Zina ankangozigwiritsa ntchito momwemo. Ndalama za siliva za dola 19,570 zimene mabuku amati zinadindidwa mu 1804 zinali zolembedwa zaka zam'mbuyo, ndipo masenti ambiri amene anatuluka m'chaka chimenechi analinso olembedwa 1803.

Nthawi zina zidindo zinkasiyana n'kudzakumananso. Cha kumaso chimadinda ndi cha kumbuyo choyamba, chimapita kwa chachiwiri, kenako chimabwerera kwa choyamba chija. Mumazindikira zimenezi mukaona kudumpha: pa mtundu umodzi mng'alu uli waufupi, kenako uli wautali kwambiri, ndipo wa pakatikati sukupezeka ngakhale mutafufuza bwanji. Musaufune pamenepo. Uli pa mtundu wina.

Palinso chiyeso chowerengera nthawi ndi kuchuluka kwa makobidi. Pa masenti a 1804 aja, a gulu b ndiwo osowa kwambiri, ndipo a gulu c ndiwo amapezeka kawirikawiri. N'zomveka kunena kuti pakati pa kubenthuka koyamba ndi kwachiwiri panadindidwa ochepa, ndipo zidindo zitabenthuka zonse zinagwirabe ntchito nthawi yaitali. Ndimavomereza zimenezi pa makobidi amene anabalalika m'manja mwa anthu n'kupulumuka mwamwayi. Koma mwayi sugawa mofanana nthawi zonse. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America itatha, kunapezeka mulu waukulu wa masenti osagwiritsidwapo ntchito a 1816 mpaka 1820, umene unadzafika kwa John Swan Randall wa ku Norwich m'chigawo cha New York. Ambiri mwa iwo anali a 1818 ndi 1820. Pa a 1818, a mtundu umene Howard Newcomb anaupatsa nambala 10, pali mng'alu wozungulira wolumikiza nyenyezi zonse ndi chaka. Lero makobidi amenewa ndi ambirimbiri, owala, onse a maonekedwe pafupifupi amodzi. Sizikutanthauza kuti chidindocho chinakhala nthawi yaitali chili choncho. Zikutanthauza kuti makobidi a nthawi imodzi analongedwa pamodzi n'kuiwalika pamodzi.

Ndili ndi mkangano wochepa ndi manambala. Tikati gawo loyamba, gawo lachiwiri, gawo lachitatu, timayamba kuganiza ngati chidindo chinkakwera masitepe. Chidutswa chikagwa, inde, chimagwa pa kumenya kumodzi. Koma mng'alu umakula pang'onopang'ono, ndipo pakati pa magawo awiri alionse a m'buku panadutsa makobidi amene sali uku kapena uko. Magawo a m'buku ndi makobidi amene wolembayo anawaona, basi. Ronald Manley, m'buku lake la 1998 la magawo a zidindo za mahafu senti, analemba 1.0, 2.0, 3.0, kusiya malo oti khobidi la pakati likapezeka lilowe popanda kugwetsa mndandanda wonse. Ndimaona kuti anachita mwanzeru ndiponso modzichepetsa. Manambala a Sheldon a 1949 ankayesanso kutsata ndondomeko ya kudindidwa, ndipo ofufuza a pambuyo pake, makamaka a bungwe la Early American Coppers limene linayamba mu 1967, asuntha maukwati angapo. Manambalawo atsala ngati mayina. Ndondomeko yeniyeni ikukonzedwabe.

Ndipo chidindo chikhoza kukhala ndi moyo wina nyumba yosulira itachitaya. Cha m'ma 1860, masenti a 1804 atayamba kufunidwa, munthu wina kunja kwa nyumbayo anapeza zidindo zakale zotayidwa. Anatenga cha kumaso cha 1803, n'kusandutsa 3 kukhala 4, anachiphatikiza ndi cha kumbuyo cha 1820, n'kudinda. Makobidi ake ndi odzaza timatuza ta dzimbiri ndi ming'alu yaikulu, ndipo nkhata ya kumbuyo ndi ya mtundu umene mu 1804 kunalibe. Sanganamize munthu wodziwa. Koma kwa wotsata moyo wa zidindo ndi amtengo wapatali, chifukwa akutionetsa chidindo cha 1803 chija, cha S-261, ndi cha 1820 chija, cha Newcomb 12, patatha zaka makumi angapo zili pachinyontho.

Khobidi limodzi silingakuuzeni ndondomeko, ngakhale likhale lokongola chotani. Pamafunika ambiri, ndipo nthawi zambiri gawo losowa limakhala pa khobidi lakuda, lodyeka, limene palibe amene analijambula bwino chifukwa mtengo wake ndi wochepa. Apa mpamene pali dandaulo langa lalikulu. Ogulitsa ambiri amajambula makobidi ndi nyali yowala kuchokera pamwamba, ndipo kuwala kotero kumameza kamzere kalikonse kopyapyala. Mng'alu umaoneka nyali ikachokera m'mbali, kuti kamzereko kachite mthunzi. Timabokosi tapulasitiki timene makobidi amatsekeredwamo timaphimba mbali ya mphepete, pamene ndi pomwe zidindo zambiri zimayambira kusweka. Choipitsitsa, alipo amene amasalaza khobidi ndi chitsulo kuti lioneke bwino, n'kuchotsa timatuza ta dzimbiri ndi timizere totukuka poganiza kuti ndi zonyansa. Khobidi limenelo likhoza kukhala lokhalo lotsala la gawo lake.

Ngati muli ndi limodzi la makobidi amenewa, ngakhale lotha chotani, musalitsuke. Lijambuleni mbali zonse ziwiri, mphepete yonse ikuoneka, nyali ili m'mbali, kenako musunthe nyaliyo n'kujambulanso. Mulembenso mmene kumbuyo kwatembenukira poyerekeza ndi kumaso, chifukwa chidindo chikamasuka m'makina chinkazungulira pang'ono, ndipo makobidi opendekeka mofanana kawirikawiri amakhala a nthawi imodzi.